Njinga ya pa foni

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine ndi makondakitala a minibasi sitimwerana madzi. Ndiye ndidauza mayi a kunyumba kuti basi, ndikugula njinga yakapalasa, miyendo yomweyi ikhale petulo.

Ndidayambira m'sitolo ina ku Limbe. Mnyamata wogulitsa adanditulutsira Hero, njinga ya ku India yakuda bii, yokhala ndi keliyala yoti thumba la chimanga n'kukhalapo mwaufulu. "Ikwereni madala, muimve," adatero. Ndidatsina matayala, ndidaliza belu kawiri, ndidakhala pachishalo. Atangotchula mtengo, ndidayamba kufunsa za mapampu, kuti aziyesa kuti ndimadzera zimenezo.

Madzulo ake mlamu wanga adandionetsa dziko lina pa Facebook: njinga yofiira psuu, yonyezimira, magiya 21, mtengo wake theka la ya ku Limbe ija. Titaimba, wogulitsayo adayankha kuti, "Bwana mkubwa, yatsala imodzi yokha. Tumizani ndalama pa foni, mawa ikwera basi." Taonani kusiyana kwake. Ku Limbe ndinali madala, apa bwana mkubwa. Munthu amene wakuona ubwana asadakuone nkhope ungamukayikire bwanji? Ndidatumiza.

Mawa lakelo lidatenga nthawi ndithu, koma katunduyo adafika. Linali katoni. Mayi a kunyumba adalizungulira, nati, "Bambo a Chikondi, mwagula njinga kapena wailesi?"

M'katimo munali fulemu payokha, tayala lakutsogolo palokha, mahandulo atamangidwa ndi chingwe, kathumba ka manati, ndi kapepala ka malangizo m'Chitchaina. Ndidavula malaya, ndidabwereka sipanala, ana a m'mudzi adakhala pansi mozungulira. Pedulo yakumanja idalowa bwinobwino. Yakumanzere ndidalimbana nayo mpaka dzuwa kupendeka, thukuta lili kamukamu, ndikutukwana fakitale yonse ya ku China.

Ndidanyamula zonse pamutu kupita kwa mmisiri wathu wa pansi pa mtengo wa mango. Iye adatenga pedulo ija, adaipotokolera kumanzere, ndipo idangolowa yokha. "Akulu, pedulo yakumanzere imamangidwa chobwerera, kuti isamamasuke popalasa. Pa njinga iliyonse zili choncho." Kamwana kena kamamina kadavomereza ndi mutu. Ine ndidati ndimadziwa, ndimangofuna kumuyesa.

Kenaka adayamba kuyeza wodwalayo. Limu yakumbuyo inkavina chinamwali, masipoko ena anali lendelende. Mabuleki ankagwira usadawapemphe, ukawapempha n'kukana. Magiya 21 aja adandiwerengera: mano atatu kutsogolo, asanu ndi awiri kumbuyo, masamu ake ndi oona ndithu, koma tcheni chinkadziwa njira ya kumagiya awiri okha, ena onse chinkangowapatsa moni n'kugwa. Keliyala panalibe, belu panalibe. Nditabwerera pachithunzi chija ndidaona kuti ndi zoona, sadandinamize, panalibedi. Ndimayang'ana kufiirako.

Mmisiri adandilembera zofunika pachikatoni cha sopo: chubu, masipoko, mabuleki, keliyala, belu. Kokagula kwake? Sitolo yomwe ija ya ku Limbe. Mnyamata uja adawerenga mndandandawo mwaulemu, nati, "Madala, mukumanga njinga kuyambira pamaziko?" Ndidati ndi ya mlamu wanga.

Ndalama zonse pamodzi sindidaziwonkhetse, ndipo mayi a kunyumba ndidawaletsa kuwonkhetsa, chifukwa masamu amapasula mabanja. Wogulitsa wa pa Facebook uja foni yake masiku ano imayankhidwa ndi mayi wina wa mawu okoma wonena kuti nambalayo siyikupezeka.

Njingayo ikuyenda tsopano, ngakhale mawondo amagunda mahandulo chifukwa fulemu yake ndi ya mwana wa sitandade 7. Anyamata a kabaza pasiteji amaimirira n'kuvula zipewa ndikamadutsa. Lamlungu lapitali ndidaitsuka, ndidaiimika padzuwa, ndidaijambula mbali yabwinoyo n'kuiika pa Facebook. Bambo wina wa ku Zomba waimba kale kufunsa ngati ikadalipo. Ndamuuza kuti, "Bwana mkubwa, yatsala imodzi yokha."