Ufumu unandiphonya mbali zonse

Ine amene mumandiona ndikukanganirana malo pa mzere wa madzi ku Chinsapo, chigubu chili m'manja, ndine wa magazi achifumu. Musaseke. Malemu bambo anga anali nyakwawa kwathu ku Dowa, ndipo mayi anga ndi mwana wa mfumu ya Chingoni ku Mzimba. Magazi awiri achifumu m'thupi limodzi, koma lendi ya mwezi watha sinaoneke mpaka lero.

Chinandipweteka ndi mwambo. Kwa Achewa, kuyambira kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika mpaka kwa nyakwawa wa nyumba khumi, mwana salowa ufumu wa bambo ake. Amalowa ndi mwana wa mlongo wawo. Bambo atatisiya, mbumba inakhala upo n'kulonga msuweni wanga, yemwe uja ndinkamulembera masamu ku pulayimale. Lero ndikapita kumudzi ndimamuwombera m'manja, iye n'kumandifunsa ngati ndabweretsa shuga.

Ndinakwera basi kupita kwa amayi. Amalume anandilandira bwino, anandiphera nkhuku, kenako anandiuza mofatsa kuti m'dziko la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa ufumu umatsata bambo. Ku Dowa akuti ndine wa kwa amayi, ku Mzimba akuti ndine wa kwa bambo. Ufumu unadutsa kumanja ndi kumanzere, ine ndili chilili pakati ngati wophonya minibasi yomaliza ya ku Area 25.

Anzathu a ku Britain zimenezi anazikonza kalekale. M'chaka cha 1611 Mfumu James I inasowa ndalama zolipirira asilikali ku Ireland, ndiye inayambitsa udindo wa baronet. Munthu wachuma akapereka mapaundi 1,095 ankatchedwa Sir, ndipo akamwalira dzinalo linkagwera mwana wake wamwamuna woyamba. Zidzukulu za ena mwa amene anagula ulemuwo zimadya mpaka lero, mayina awo ali m'mabuku okhuthala a Debrett's ndi Burke's Peerage. Denis Thatcher, mwamuna wa Margaret Thatcher, yemwenso anali baronet, atamwalira mu 2003, mwana wake Mark anangodzuka ali Sir osakhetsa thukuta. Ine ndine mwana wachisamba, wamwamunanso. Kungoti ndinalakwitsa dziko lobadwira.

Ma Sir amene ankatilamulira kuno, monga Sir Harry Johnston, Sir Alfred Sharpe ndi Sir Glyn Jones, ulemu wawo unali wa mtundu wina, wofera limodzi ndi mwini wake. Umenewo ndiye ndimaudziwa bwino, wanga umangofa msanga. Kondakitala amandiitana kuti “bwana mkubwa” ndikadali panja. Ndikangolipira ndasanduka “madala, sunthani, anayianayi pamenepo.”

Ndinayesako ufumu wa m'tauni, uja wa mabuloku lida, poti sufuna magazi. Anandiuza kuti umafuna munthu wokhazikika, wa nyumba yakeyake. Ine Kawale ndakhalako, Biwi ndakhalako, Area 23 ndi Mgona amandidziwa, ndipo konseko ndinkasamuka usiku alandilodi ali m'tulo. Mfumu yotani yoti anthu akabwera ndi uthenga wa maliro apeza pakhomo pali loko wa eni nyumba?

Tsono ndagula kope kuti nanenso ndilembe buku la mtundu wathu. Mayi a kunyumba aliyang'ana n'kunena kuti ana athu ndisawalembemo, poti iwo ndi Mlomwe wa ku Thyolo ndipo anawo mwini wake ndi malume awo, amene amapalasa kabaza ku Bvumbwe. Ndangotsala ndekha pa tsamba loyamba, pamodzi ndi chuma cha mpando wanga: wailesi yosowa mabatire, jekete ya pa kaunjika, ndi ngongole ya pa golosale.

Potsata mwambo wa bambo anga, ndamuimbira foni mwana wa mlongo wanga kumuuza kuti zonsezi adzalowa ndi iye. Anakhala chete pang'ono, kenako anati: “Amalume, zimenezo tingotsata Chingelezi. Apatseni ana anu.”