Nambala ya Mlandu Muli Nayo?

Pa Phalula palibe amene amataya chithunzi cha ukwati. Banja litha kutha, mbuzi n'kugawanidwa, mkamwini n'kunyamula kachikwama kake ulendo wa kwawo, koma chithunzi chija chimakhalabe pakhoma, kungoti mutu wa mnzakeyo amaudula ndi lumo. Chimene chimasowa ndi kalata yosonyeza kuti banjalo linathadi. Tsiku la chigamulo wina amatuluka m'khoti akulira, wina akuthamangira kukagula kanyenya m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo palibe amene amabwerera kwa kalaliki kukafunsa pepala. Amadzalikumbuka patapita zaka, abusa akati, "Tisanalengeze ukwati watsopanowu, tione kaye kuti wakale uja unatha bwanji."

Ndi mmene zinamugwera mkulu wina wogulitsa makala. Anabwereka jekete, dzuwa likuswa mtengo, n'kukaima pa kauntala ya khoti lina.

"Nambala ya mlandu muli nayo, bambo?" anafunsa kalaliki.

"Ndili nayo, bwana. Ziro eyiti eyiti..."

"Imeneyo ndi ya foni. Chabwino, mlanduwo unali chaka chanji?"

"Chaka cha njala."

"Njala yake iti? Ya 2002, ya 2005 kapena ya 2016?"

"Imene tinkadya madeya ija."

"Bambo, kuno ndi ku Balaka. Zonsezo tinadya madeya. Tiyeni tiyese dzina la mayiwo."

"Make mwana."

"Dzina lawo lenileni."

Mkulu uja anayang'ana kudenga nthawi yaitali, munthu woti anabereka naye ana atatu. Kenako nkhope inawala. "Anaphiri!"

Kalaliki anatsegula kaundula n'kuyamba kuyendetsa chala. "Awa ndi Anaphiri. Awanso Anaphiri. Tsamba ili lili ndi awiri. Anuwo ndi ati?"

"Olongolola kwambiri."

"Bambo, m'buku muno amuna onse anatero."

Musamuseke kwambiri kalalikiyo kuti ndi wovuta. Khoti silisunga mafayilo potengera nkhope kapena kukula kwa mkwiyo. Mlandu uliwonse umalembedwa m'kaundula ndi nambala yake pamodzi ndi chaka chake, ndipo nambala imeneyo ndi imene inali pamwamba pa chisamani chija munakulungira fodya. Ukapanda nambala, ubwere ndi chaka ndi maina onse awiri monga analembedwera nthawiyo. Apa ndiye pamagona vuto lina. Chibwerereni ziphaso za unzika mu 2017, anthu ambiri azindikira kuti ali ndi maina atatu: la kunyumba, la kutchalitchi, ndi la kusukulu limene anabwereka kwa msuweni kuti abwereze Sitandade 8. Bambo wina anaipeza fayilo yake bwinobwino, koma dzina la pafayilo ndi la pachiphaso sizinagwirizane. Pamapepala, amene anasudzula mkaziyo anali msuweni uja, munthu woti ali pabanja lake mwamtendere ndipo ndi mkulu wampingo.

*

Agogo ena a kufupi ndi Utale banja lawo linatha nthawi ya Kamuzu, m'makhoti a mafumu aja, a Traditional Court, amene anasiya kugwira ntchito mu 1994 ndipo milandu yake inapita kwa amajisitireti. Mdzukulu wawo atafuna pepalalo pa nkhani ya munda, anawakweza minibasi, kukhota pa Chingeni, mpaka pa Balaka. Kumeneko mnyamata wina anawafotokozera mwaulemu kuti nthawi imeneyo boma la Balaka kunalibe. Dera lonseli linali pansi pa Machinga mpaka 1998.

"Ukutanthauza kuti ine ndinasamuka?" anafunsa agogowo.

"Ayi, agogo. Inu munali pomwepo. Linasamuka ndi boma."

"Ndiye banja langa linatha ku Machinga."

"Eya."

"Nanga kuno ku Balaka? Ndikadali wokwatiwa?"

Mnyamatayo anayesa kufotokoza kuti chigamulo sichiona malire a boma, ndiponso kuti mafayilo akalekale a boma amakathera ku National Archives ku Zomba. Agogo anawerengera ulendowo pazala: Liwonde, kuwoloka Shire, kukwera mpaka Machinga, Malosa, Domasi, Zomba. Anafunsa mtengo wa thiransipoti, kupita ndi kubwera, anthu awiri. Atamva, anamanga mpango wawo n'kunyamuka.

"Tiye kwathu, mwanawe. Ndalama imeneyo ikuposa zimene bamboyo anandigulira m'banja lonse."

*

Ambiri amene amavutitsa akalaliki ndi oti ku khotiko sanapondeko n'kamodzi komwe. Banja lawo linathera pansi pa mtengo, pamaso pa ankhoswe, mwamuna n'kupereka kanthu ka chisudzulo, aliyense n'kuona msana wa njira. Ena linathera kwa amfumu, ena kwa shehe ndi talaka. Kumeneko n'kumene ayenera kuyambira kufunsa, poti khoti silingatulutse fayilo ya mlandu umene silinaweruze.

Mnyamata wina wa kabaza atauzidwa kuti abwere ndi umboni wooneka ndi maso, m'mawa mwake anafika atanyamula nkhalamba pakaliyala.

"Umboni uja ndi uwu, bwana. Awa ndi amalume, ankhoswe anga."

Kalaliki anayang'ana nkhalambayo, n'kuyang'ana chidindo chili patebulo. "Tsono tidinde pati, achimwene? Pamphumi?"

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma amalume aja, poona kuti apatsidwa mpando, anatsokomola n'kuyamba kulankhula. "Ine, bwana, banja ili sindinathetse. Ndinati akaganize kaye. Tsono uyu wakhala akuganiza zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo poganizapo wabereka ana awiri kwina."

Pobwerera amalume anayenda wapansi.

*

Ndiye pali a ku Joni. Wina anaimba pa WhatsApp kuchokera ku Johannesburg, kutuma mng'ono wake kuti akamutengere kalata ya kutha kwa banja poti wapeza mayi wina kumeneko. Mng'onoyo anafunsa kuti banjalo linathera khoti liti.

"Khoti lanji? Si ndinakwera basi mu 2014 aliyense akuona?"

Wina, mnzake wa ameneyu m'maganizo, anakaima pa kauntala kufuna kalata yotsimikiza kuti iye sanakwatirepo chibadwire. Mayi amene ali kunyumba kwake? "Timangokhalira limodzi, bwana." Zaka zingati? Khumi ndi chimodzi. Ana? Anayi, wachisanu ali m'njira. Anauzidwa kuti lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa pachikhalidwe, wa kuchipembedzo, komanso wa anthu amene akhalira limodzi ngati banja zaka zosachepera zisanu, khoti likaona kuti zinalidi choncho. Bamboyo anakhala chete, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Mayiwo lamulo limeneli akulidziwa?"

Pamenepa mpofunika kusamala musanawononge ndalama ya minibasi. Ukwati wa pachikhalidwe umathera kwa majisitireti, ndipo fayilo yake imakhala ku khoti lomwelo limene linaweruza. Wa kwa DC kawirikawiri umathera ku khoti lalikulu, ku Zomba kapena ku Blantyre. Kukagogoda khomo lolakwika n'kungokadyetsa ogulitsa chipisi.

Ndipo pachipata pamakhala madobadoba, aja amakulonjera "biggie" asanakudziwe. Mmodzi analonjeza mayi wina kuti amupezera kalatayo lero lomwe, popanda mzere, popanda risiti. Anabweretsadi, yokongola, chidindo chofiira chili apo. Abusa ataiwerenga anavula magalasi.

"Mayi, malinga ndi kalata iyi, banja lanu linatha miyezi inayi musanakwatiwe."

*

Nkhani imafika pena maliro akachitika. Mwamuna akamwalira ali pantchito ya boma, ndalama zake zimadzutsa ndi amene anagona. Mayi wina, mkazi wachiwiri wa mphunzitsi, anapita ku khoti motsimikiza mtima kukatenga umboni woti mkazi wamkulu anasudzulidwa kalekale, monga malemuwo ankamuuzira usiku uliwonse. Fayilo inapezeka msanga, zimene zinamusangalatsa. Inali yopyapyala, zimene sanazilabadire. Tsamba loyamba linali chisamani. Lachiwiri linati mlandu wayimitsidwa poti mwamuna sanabwere. Lachitatu linati awiriwa auza khoti kuti agwirizana, banja lipitirira, mlandu wachotsedwa.

Mayiyo anayang'ana tsiku limene linalembedwa pansi pake. Linali Lolemba lotsatira Loweruka la chinkhoswe chake.

"Anandiuza kuti akupita kukalembetsa ana mayeso," anatero, n'kupempha madzi akumwa.

*

Awiri ena, oti anasiyana kalekale ndipo aliyense akufuna kukwatira kwina, anagwirizana zopitira limodzi kuti ndalama ya risiti ndi ya fotokope agawane pakati. Anakhala pabenchi mwaulemu, wina uku wina uko. Kalaliki anati popanda nambala kapena chaka zitenga masiku. Ali mkati mofotokoza, nkhani ya chenje cha minibasi inabuka.

"Kondakitala anakupatsani inu."

"Anandipatsa ine liti? Mwayambanso bodza lanu lija?"

"Bodza? Nanga wailesi ija munati inabedwa, n'kukapezeka kwa achemwali anu?"

Mesenjala wachikulire amene ankasinza pakhomo anadzidzimuka. "Wailesi ya kwa achemwali! Bwana, musavutike. Ameneyu ndi wa 2013, shelefu yapansi, pafupi ndi zenera. Tinaweruka mochedwa tsiku limenelo."

*

Wondimvetsa chisoni kwambiri, ngakhale ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndi bambo wina wochita geni ya thonje. Iyeyu anachita zonse mwadongosolo. Nambala anali nayo, chaka anali nacho, chiphaso chili m'thumba, ndalama analipira n'kulandira risiti ya boma. Kalaliki anamuyamikira kuti anthu onse akanakhala chonchi ntchito ikanakoma. Fayilo inabwera, anaikuntha fumbi, n'kuyamba kumuwerengera.

Tsamba loyamba: banja latha. Bamboyo anagwedeza mutu akumwetulira.

Tsamba lachiwiri: popeza ukwatiwu unali wa chikamwini ndipo mwamuna sanamange nyumba kwawo kwa mkazi monga mwambo ufunira, amange nyumbayo kapena apereke ndalama yake. Kumwetulira kunachepa.

Tsamba lachitatu: njinga, mbuzi ndi malata zigawidwe, poti Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anapeza limodzi. Ndipo mwezi uliwonse bambo azipereka chithandizo cha ana.

"Zimenezi munachita, bambo?"

"Bwana, mukudziwa mmene thonje lakhala likuyendera."

"Njerwa munaumbako?"

"Malo ake ndinakaona."

Anapukuta thukuta, n'kuweramira pa kauntala. "Tsono bwana, abusa angofuna kudziwa kuti banja linatha basi. Simungangondifotokopera tsamba loyamba lokhali?"

"Chigamulo sitidula, bambo. Chimatuluka chonse, chidindo chili patsamba lomaliza. Komanso mwachita bwino kubwera nokha. Mayiwa akhala akubwera kuno kudzadandaula, ndipo chisamani chanu chinasowa wokupatsirani poti munasamuka osatsanzika. Dikirani pomwepo musayine."

Bamboyo analowa m'khoti kudzatenga pepala limodzi, anatuluka ndi awiri, ndipo ukwati watsopano uja anaukankhira chaka chamawa.

Tsono inu amene mukukonzekera ulendo wotere, funsani kaye ngati banja lanu linatheradi ku khoti ndiponso khoti lake liti, lembani maina onse awiri ndi chaka pakapepala, nyamulani chiphaso, ndipo ndalama iliyonse imene mupereke muitengere risiti. Koma ngati mukukumbuka kuti majisitireti anatchulapo za nyumba tsiku lija, yambani mwaumba njerwa musanakwere minibasi.