Nyimbo za chilimwe ku Mgona

Okutobala akangofika, oimba athu amayamba kutilangiza pa wailesi nyimbo zoyenera chilimwe, ngati kuti dzuwa la ku Mgona limamva gitala. Wina amati chimbale chake cha pamtima ndi Kuimba 1 cha malemu Evison Matafale, wina Son of a Poor Man cha malemu Lucius Banda. Kenaka, modzichepetsa ndithu, aliyense amatchulanso chake chimene changotuluka kumene.

Koma kuno mwini chisankho ndi mnyamata wobena nyimbo pafupi ndi amayi opeta mtedza. Ukapempha Matafale, amakudzazira amapiano m'memori khadi, n'kukuuza kuti, "Madala, zachikale zija zinafufutika." Ndalama walandira kale, ndipo thukuta likukuyenderera mpaka m'sokosi.