Chizungu cha ku wekishopu chilemekezeke

Anthu osayamika achuluka m'boma la Chiradzulu. Amatama nandolo wa ku Namitambo, amatama tomato wa pa Mbulumbuzi, ena mpaka amatama miyala ya pa Njuli, koma sindinamvepo munthu ataima pagulu kuthokoza mbewu imene ikudyetsa mabanja popanda mvula, feteleza kapena khasu: Chizungu cha ku wekishopu. Poti onse ali chete, ndiyankhula ndine.

Sindikunena Chizungu cha aphunzitsi a ku sekondale ayi. Chimenecho n'chantchito. Ukachilephera satifiketi ya MSCE siituluka ngakhale masamu utakhoza motani, ndipo gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino limafuna kuti phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Chimene ndikutamanda ine n'chapamwamba kuposa pamenepo, Chizungu cha utsogoleri ndi kusintha zinthu pantchito. Mawu ake amakwana tsamba limodzi la kope: capacity building, stakeholder, ownership, sustainability, way forward. Munthu akaloweza amenewa wamaliza sukulu. Akhoza kuyankhula ola lathunthu pamaso pa bwanamkubwa, osanama, osanenanso zoona, anthu n'kumuombera m'manja.

Chizungu chimenechi chidazika mizu chitatha chaka cha 1998, pamene boma lidakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono. Mudzi udakhala ndi komiti ya VDC, dera la mfumu yaikulu lidakhala ndi ya ADC, ndipo kwa Kadewere, kwa Nkalo, kwa Likoswe, kwa Mpama ndi kwa Chitera kudabadwa apampando, alembi ndi asungichuma ambirimbiri. Komiti iliyonse imafuna maphunziro, maphunziro amafuna holo, holo imafuna fasiliteta, ndipo fasiliteta sabwera chimanjamanja. Amabwera ndi mapepala aakulu omata pakhoma, zolembera zonunkha spiriti ndi mawu atsopano. Mphamvu zenizeni, makamaka za ndalama, zikuchoka ku Lilongwe mwapang'onopang'ono, koma mawu okha adafika msanga ndipo adakwanira aliyense. Ndi katundu uti wina wa boma amene adagawidwapo mwachilungamo chotere?

Ubwino wake waukulu ndi chifundo. Chichewa n'chilankhulo chankhanza, chimafuna mwini nkhani. Mjigo ukafa, ndalama zimene amayi ankasonkha mwezi ndi mwezi zitasowa, Chichewa chimafunsa kuti wadya ndani, ndipo aliyense m'mudzimo akudziwa yankho poti wodyayo wafolera nyumba ndi malata. Msonkhano wotero umatha ndi ndewu, ena osalonjerana mpaka pamaliro. Tsopano onani nkhani yomweyo m'holo. Amfumu aimika dzanja: "Pepani bwana, ife tikufuna kudziwa kumene kudapita ndalama za mjigo." Fasiliteta amwetulira: "Zikomo kwambiri gogo chalo, mfundo yabwino zedi. Imeneyo tiilemba pa challenges." Alemba ndi inki yofiira. Atembenuza pepala. Wakubayo, amene wakhala kutsogolo poti ndi msungichuma, naye aimika dzanja kunena kuti vuto ndi kusowa kwa ownership pakati pa anthu a m'mudzi. Onse avomera. Mjigo udakali wakufa, amayi akutungabe kudambo, koma palibe walira, palibe wamangidwa, ndipo Fanta wafika. Tandiuzani, ndi bwalo liti la milandu limene lidabweretsapo mtendere mwachangu chomwechi?

Kuofesi nakonso n'chimodzimodzi. Bwana amene amafika 10 koloko n'kutuluka 12 koloko kupita "ku field" safunika kusintha khalidwe. Angopita ku maphunziro a masiku atatu kunyanja, abwerako ali change champion, ndipo Lolemba aitanitsa antchito onse kuwauza kuti asinthe kaganizidwe. Mlonda, amene malipiro ake achedwa, agwedeza mutu mwaulemu. Mlangizi wa zaumoyo amene amapalasa njinga yopanda mabuleki kukalemba ana a sikelo amva kuti iyenso ndi mtsogoleri pamalo pake. Atuluka ali wonyada, njinga ili yomweyo.

Otsutsa adzati Chiradzulu idaonapo kusintha kwenikweni popanda zonsezi. Adzatchula chaka cha 2001, pamene bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka ma ARV m'boma lino, pa nthawi imene akuluakulu ambiri padziko ankati mankhwala oterewa sangatheke kumudzi kwa amphawi. Anthu amene abale awo adali atayamba kale kufunsa mtengo wa bokosi adadzuka n'kubwerera kumunda. Ndikuvomera. Koma taganizani thukuta lake: kuwerenga mapilitsi, kulondola odwala amene asiya kubwera, kuphunzitsa anamwino ntchito imene kale inkagwiridwa ndi madokotala okha. Kusintha kotero n'kotopetsa, ndipo ukalephera zimaoneka ndi manda. Chizungu chathu sichilephera, poti sichilonjeza chinthu chimene munthu angachiwerenge.

Koma mboni yanga yaikulu ndi mwana wa konkuno, M'busa John Chilembwe. Bambo ameneyu Chingerezi ankachidziwa. Adapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, adaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo atabwerera mu 1900 adakhazikitsa Providence Industrial Mission pa Mbombwe. Tsoka lake n'lakuti adaphunzira Chingerezi cholakwika, chija chimene mawu ake amaloza chinthu. Akati sukulu, ankamanga sukulu. Akati tchalitchi, anthu ankaumba njerwa. Ataona thangata m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene William Jervis Livingstone ankazunza antchito ndi kutentha matchalitchi a udzu, adaitcha nkhanza. Mu Novembala 1914 adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda osauka akufera nkhondo ya azungu imene sadzapindula nayo kanthu. Kalata yomveka bwino, yoti ngakhale bwanamkubwa wa ku Zomba sakanati sanamve. Mapeto ake tonse tikuwadziwa. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake adaukira, Livingstone adadulidwa mutu, pa 3 Febuluwale Chilembwe adawomberedwa cha ku Mulanje, ndipo tchalitchi chake cha njerwa asilikali adachiphulitsa. Mishoni idakhala yotseka mpaka pamene Dr Daniel Malekebu adaitsegulanso mu 1926.

Tangoganizani akadakhala kuti m'busayu adapitako ku wekishopu ngakhale imodzi yokha. Akadaitana Livingstone ngati stakeholder. Akadagawa anthu m'magulu anayi: a thangata gulu loyamba, akapitawo lachiwiri, amayi amasiye lachitatu, azungu lachinayi, gulu lililonse lisankhe mlembi. Zikwapu zikadalembedwa pa challenges, msonkho wa nyumba pa cross-cutting issues. Madzulo akadagwirizana zodzakumananso pakatha miyezi itatu, ndipo Chilembwe akadamwalira ndi ukalamba, ali ndi zikwama zambiri za misonkhano. Zoona, sitikadakhala ndi tchuthi cha pa 15 Januwale, thangatanso mwina likadapitirira, koma malipoti ake akadakhala okongola. Chosangalatsa n'chakuti lero m'busayu amapezeka pa wekishopu iliyonse: nkhope yake ili pa K500 ndi pa K2000, ndipo imatuluka mu envelopu cha m'ma 4 koloko, anthu akamasaina ya mayendedwe. Pamenepo ndi pamene aliyense amamuyang'anitsitsa, mobwerezabwereza, kuopa kuti wapelewera.

Musaiwalenso kuti Chizungu chimenechi sichiwola. Mu 1998 dziko lidalandira Vision 2020, masomphenya akuti pofika chaka chimenecho Malawi adzakhala dziko la chuma chapakatikati. Chaka cha 2020 chidafika, chidatipeza tili pamzere wa makuponi. Chilankhulo chofooka chikadachita manyazi n'kukhala chete. Chathuchi chidangosamba m'maso, ndipo mu Januwale 2021 chidatulukanso chitavala dzina la Malawi 2063, mindset change ili patsogolo. Apa ndiye pali nzeru zakuya. Cholakwa cha Vision 2020 chidali kuika tsiku pafupi, moti ena amene adailemba adali moyo pamene anthu ankafunsa. Bwana amene adali ndi zaka 45 mu 2021 adzakhala ndi zaka 87 mu 2063, ndipo palibe mtolankhani wopanda mwambo amene adzapite kukavutitsa gogo wotero pakhonde pake.

N'chifukwa chake ndikupempha a zamaphunziro kuti asazengereze. Ophunzira a pa yunivesite ya Katolika ku Nguludi ndi a pa koleji ya zachitukuko ku Magomero mawuwa awapeza okha, musade nawo nkhawa. Ofunika kuwathamangira ndi ana a Sitandade 1, aja akhala pansi pa mtengo ku Ndunde ndi ku Thumbwe. Mu 2063 iwowa adzakhala ndi zaka za m'ma 40, ndipo ndi amene adzapatsidwe ntchito yolemba lipoti lofotokoza chifukwa chake sizinatheke. Ayambe lero kuloweza lessons learnt, ndipo aphunzitsi aonetsetse kuti akulemba sipelo yolondola.