Madzi Saiwala Khwawa, Ngakhale Muli ndi Mapepala a Puloti

Akuluakulu akati madzi saiwala khwawa ankanena za munthu wobwerera ku khalidwe lake lakale, uja wolapa mowa Lamulungu n'kupezeka pa kachasu Lachitatu. Masiku ano mu Lilongwe mwambiwu wasiya kuzungulira. Ukunena za madzi enieni ndi khwawa lenileni, limene wina wamangapo nyumba ya zipinda zinayi, ya matailosi mpaka kubafa.

Taonani m'mene puloti imagulidwira. Adobadoba amadziwa nyengo kuposa a zanyengo: malo a kudambo amawatsatsa mu Okutobala, udzu utapsa, dothi lili ng'aa. "Bwana, apa mpogona bwino, palibe mwala, chitsime mukangokumba pang'ono madzi mwawapeza." Munthuyo sananame. Chimene wasiya kunena n'chakuti mu Febuluwale simudzavutikanso n'kukumba, madziwo adzakupezani okha pabalaza. Abale athu a ku Johannesburg ndiye amagula poona chithunzi pa WhatsApp, ndipo m'chithunzi achule salira.

Mwini puloti akalandira mapepala, woyamba kuitanidwa si mmisiri, ndi mnyamata wa nkhwangwa. Mkuyu ugwe, akuti mizu idzathyola maziko. Katope agwe, akuti amaitana njoka. Msuku umene unadyetsa ana a m'deralo zaka zambirimbiri ugwe, chifukwa masamba adzadetsa pabwalo. Mitengoyo imathera mu uvuni wootchera njerwa zomangira mpanda, ndipo bwalo lonse amaliwaka simenti mpaka pageti. Ikafika Novembala, bwana yemweyo ali m'tauni kufunsa mtengo wa shedi ya galimoto, akudandaula kuti dziko latentha, mwina ndi masiku otsiriza.

Dambo lija timalitenga ngati malo amene Mulungu anaiwala kumaliza, pomwe lili pa ntchito. Mvula ikagwa limamwa madzi, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe kupita m'mitsinje ndi m'zitsime. N'chifukwa chake mpiru wa kudimba umapezeka pamsika mu Seputembala. Mukalithira zinyalala ndi dothi la katondo, n'kuliphimba ndi malata ndi simenti, madziwo sasowa chochita. Amathamanga onse nthawi imodzi, molunjika kumene ankadutsa agogo awo. Sapita ku Lands kukafunsa kuti malowa ndi a yani tsopano. Sagogoda pageti, ndipo chikwangwani chochenjeza za agalu olusa sawerenga.

Nyumba ya padambo ilinso ndi matenda ake osachiritsika. Dothi la makande limatupa likanyowa n'kunyala likauma, ndiye khoma limang'ambika chaka ndi chaka. Penti imasupuka kuyambira pansi. Za chimbudzi chokumba ndi sepitiki thanki zodzadza ndi madzi a pansi tisanene, ena akuwerenga akudya.

Apa nthabwala iime kaye. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Mtandire, mpaka asilikali anabwera ndi helikopita kudzapulumutsa anthu. Ku Blantyre, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, limene linametedwa mpala kalekale, ndipo matope ndi miyala zinakwirira mabanja ku Chilobwe. Ambiri mwa ovutikawo anamanga kumeneko chifukwa ndi kumene ndalama yawo inafika. Amene ndikulimbana nawo ine ndi aja ali ndi ndalama, ali ndi injiniya, ali ndi msuweni kukhonsolo, koma amadula dambo lonse mapuloti ngati akugawa chigumu, n'kukankhira madzi kwa osauka a kumunsi.

Chodabwitsa n'chakuti tonsefe timakonda mitengo, bola ikhale ya mwambo. Nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa mu Disembala timavala matisheti, bwana wamkulu amadzala kambande kamodzi, amasamba m'manja, makamera amajambula, mbuzi zimamaliza ntchito madzulo ake. Mtengo umene tinaupeza uli kale ndi mthunzi, wosafuna kuthirira kapena alawansi, umenewo ndiye tiwudule.

Kumanga mosiya mitengo si zamatsenga. Wojambula pulani angathe kusuntha nyumba mamita ochepa kuti mkuyu utsale. Wogawa malo angathe kusiya dambo likhale dambo, ana azisewera m'mbali mwake, amayi azilima ndiwo, ngalande zizithira mmenemo. Adzataya mapuloti angapo, inde, koma okhala pa otsalawo adzagona tulo mvula ikamagunda usiku.

Inu amene mukusunga ndalama ya puloti, musakaone malo mu Okutobala. Pitani mu Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse, mutavala majombo. Dobadoba mumusiye pamsewu, mukafunse amayi olima kudimba kuti madzi amafika pati. Akakulozerani pamene pali chikhomo cha puloti yanu, bwererani ndi ndalama zanu.