Mkamwini wa kwa Mphenzi

Akuluakulu anati wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima. Kale ndinkayesa amanena za anyamata olimba chiwindi okapeza banja kwa apongozi aukali. Lero ndazindikira kuti ankanena za kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, mkamwini wokhalitsa m'magazi mwathu.

Mkamwini ameneyu salima munda wa apongozi, samanga nkhokwe. Amafika usiku pamsana pa udzudzu, osanena odi, n'kuyamba wabisala m'chiwindi, kenako n'kulowa m'magazi kukaswana. Mutu ukamayamba kuwawa, ana ake amakhala atakwana mamiliyoni ankhaninkhani. Pa chigulu chotere sipalephera kubadwa mmodzi wosiyanako ndi anzake, wamakani chibadwire. Mankhwala akagwa, ofooka amatha psiti, wamakani uja n'kutsala ndi mudzi wonse. Udzudzu ukamutengera kwa aneba, basi mtundu wa amakani wafalikira.

Agogo akuikumbukira chloroquine, yowawa ngati ndulu, yoyabwitsa thupi usiku wonse. Inali mphenzi yeniyeni. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, kumalire a Thailand ndi Cambodia kunabadwa tizilombo totha kulavula mankhwalawo tisanafe nawo. Pofika 1978 zidzukulu zake zinali zitafika kum'mawa kwa Africa, popanda pasipoti. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga Fansidar. Apongozi atsopanowa nawonso anazolowereka, ndipo mu 2007 tinaitana LA.

Chosekesa n'chakuti chloroquine itapuma pantchito, amakani aja anayamba kugonja kwa abale awo ofatsa, chifukwa makani opanda womenyana naye ndi katundu wolemera. Mu 2005 ofufuza ku Ndirande anapeza kuti chloroquine yayambanso kuchiza ana 99 mwa 100 alionse. Apongozi atangochoka, mkamwini anaiwala nkhonya.

LA ndi apongozi awiri m'nyumba imodzi: artemether amamenya msangamsanga, lumefantrine amatsalira kusesa opulumuka. Koma tizilombo tochedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa artemether tinaoneka ku Cambodia cha mu 2008, ndipo pano tapezeka ku Rwanda ndi ku Uganda. Uku si kutali ayi.

Nanga amene akumulera mkamwiniyu ndani? Ndife tomwe. LA ya munthu wamkulu ndi mapiritsi 24: anayi nthawi imodzi, kawiri pa tsiku, masiku atatu. Koma tsiku lachiwiri, thupi likangopepuka, nsima n'kuyamba kukoma, timadzilemba udokotala. Otsalawo timawaika pamwamba pa kabati kuti adzathandize tsiku lina, kapena timagawira alamu amene angodandaula mutu, osayezetsa n'komwe, mwina mutuwo ndi wa matsire. Theka la mankhwala si mphenzi, ndi tochi ya mabatire otha. Imangoopseza ofooka, n'kuunikira njira amakani.

Tsono inu apongozi anzanga, thupi likatentha kayezetseni kaye. Akakupatsani LA, imwani ndi kachakudya kamafuta kuti ilowe bwino m'thupi, ndipo malizani mpaka piritsi lomaliza. Alamu akadwala, apite okha kuchipatala akalandire awo.