Nyama ya mapepala ku Hout Bay

Okondedwa Malume,

Ine kuno ku Cape Town ndilipo, mphepo yokha ndiyo ikufuna kundimaliza.

Loweruka lapitali abwana analandira alendo ochokera ku Germany, ndiye anati ndiwaperekeze kukakwera boti padoko la Hout Bay, kumunsi kwa Imizamo Yethu komwe ndimakhala. Ndinafunsa kuti khoka lili kuti, nyambo ili kuti. Onse kuseka. Akuti tikungokaona nyama. Malume, anthu alipira marandi, boti lamwa mafuta, kupita ndi kubwerako pasanathe ola, popanda ndi usipa umodzi womwe wa ndiwo!

Titangozungulira phiri la Sentinel, mafunde anatilandira. Mwera wa ku Senga Bay mumaudandaula uja ndi khanda. Madzi a kuno ngamchere, kuzizira kwake kosayamba, poti amachokera kummwera kwenikweni ndi mkokomo wotchedwa Benguela. Ine mwana wa msodzi ndinangolimba mtima, koma mlendo mmodzi anabweza chakudya chonse cham'mawa kudyetsa nsomba.

Chilumba cha Duiker chomwe tinkapitako tisanachione n'komwe, fungo linali litatipeza kale. Ndi thanthwe chabe, lopanda mtengo, koma lodzaza ndi akatumbu a m'nyanja masauzande, ena kusanjikizana, ena kukuwa, ena kudumphira m'madzi. Wamphongo wamkulu amafika makilogalamu 300. Akuti ambiri pamenepo ndi amphongo, ndipo amangoswera kuothera dzuwa ndi kukangana ngati madoda a pabawo. Pambali pawo mphipi zayanika mapiko, zikudikira kuti nthenga ziume zibwererenso ku nsomba.

Ndinanong'oneza woyendetsa boti kuti kodi nyama yonenepa chonchi imakoma bwanji. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Akuti lamulo la 1973 limateteza nyamazi ndi mbalame za m'nyanja, kutsika pachilumbacho n'koletsedwa, ndipo kuyambira 2024 zina zapezeka ndi chiwewe, ndiye osayerekeza kuzigwira. Ndinangoti pepani. Taonani Malume, katumbu sagwira ntchito, salipira lendi, wapolisi samufunsa pasipoti, komabe boma lamulembera mapepala. Ife odzuka m'mamawa kukatchetcha kapinga timayenda maso ali kumbuyo.

Titatsika, abwana anatigulira tchipisi ndi nsomba ya snoek. Ndikuti ndilume, mbalame yoyera inatsomphola nsombayo m'manja mwanga. Alendo aja kuwomba m'manja, kujambula. Nayonso akuti njotetezedwa.

Za injini ya boti munanena ija, ndalama ndikusonkhanitsa. Koma ikafika, zogona panyanja ndi chilimira muzisiye. Mupake botilo penti, mugule chipewa, muzitenga azungu kukaona mphipi ndi ng'azi pa Namalenje. Akafunsa za fungo, muwadutsitse pathandala la usipa, mtengo muwonjezere.

Mupereke moni kwa agogo, muwauze bulangete likubwera ndi basi ya mwezi wamawa.

Ine muphwa wanu wa ku Joni